Wosema Mayina wa ku Mchesi

Ine ndimalipiritsa pa chilembo.
N'chifukwa chake ana a Juwa
amachoka pano ndi chenji cha minibasi,
pamene a Mwakasungula amayamba awerenga ndi zala,
zala n'kutha, dzina lisanathe.

Shedi yanga ili m'mbali mwa msewu,
pakati pa okhoma mabokosi ndi wowotcherera mageti.
Fumbi la mwala m'mphuno, m'nsidze, m'tiyi.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikugogoda mayina a eni,
ndipo dzina ukaligogoda nthawi yaitali
limayamba kuulula kumene linachokera.

Wa ku Karonga uja ndinamunyengerera:
tichotseko Mwa wakutsogoloyu, mtengo utsike.
Anandigwira dzanja pamodzi ndi hamala.
Akuti ameneyo ndi mchombo,
ndiye amanena kuti munthuyu ndi wa uje.
Ndinasema zonse, khumi ndi ziwiri.

Ndhlovu, mwana wake anati ndi njovu m'Chingoni.
Anandionetsa chithunzi:
kamunthu ngati bango, jekete ikulendewera m'mapewa.
Nyoni ndi mbalame,
koma anafera m'nyumba yomwe anabadwira ku Kawale,
ndege ankangoiona ikamatsikira ku Lumbadzi.

Zuze wa ku Nsanje akuti anali Yosefe wa Apwitikizi.
Anakwera ndi Shire pa bwato,
madzi n'kumam'seteka pang'onopang'ono
mpaka anakwana m'kamwa mwa Msena.

Si manda okha, ndimalembanso zikwangwani.
Che Saidi anandiuza kuti lawo ndi mwayi m'Chiarabu,
linafika pamutu pa amalonda a nsalu ndi mikanda.
Ndinafunsa kokapachika chikwangwanicho.
Anati pa benchi yawo ya nsapato, mumsika wa Tsoka.
Tinaseka mpaka utoto unatayika.

Ngakhale mzungu Simiti, wa geti lalitali ku Area 10,
akuti kwawo ndi wosula basi,
mbale wake wa mnzangayu amene akundithothetsera moto pakhomo.

Ndiye Lachiwiri lapitali kunabwera mayi wa ku Chinsapo,
Enelesi, yunifolomu ya unamwino isanavulidwe,
kapepala kopindapinda m'manja:
SIKISIPENSI.
Ndinawerenga, khumi ndi chimodzi, ndinatchula mtengo.
Sanatsutse. Anangokhala pa mwala wa munthu wina.

Anati si lathu ili.
Agogo aamuna analitola pa esiteti ya fodya ku Namitete.
Kalaliki lilime linam'kanika,
anayang'ana ndalama imene inali patebulo
n'kulemba yomweyo m'buku.
Lenileni agogo ankalitchula akaledzera,
akudziguguda pachifuwa pakati pa bwalo,
ife ana tili gwa, kuseka.
Palibe anatenga pensulo.
Bambo ankati limayamba ndi Cha, azakhali akuti ndi Ka,
onse awiri tsopano ali kumene mwalawu ukupita.

Anati semani ili lomweli,
ndi limene lili pa satifiketi yanga, pa khadi ya ku banki,
ndi limene odwala amandiitanira usiku.
Koma pamwamba pake musiyepo malo,
mwina tsiku lina wina adzalikumbuka.
Malowo ndi zingati?

Ndatchajapo mitanda, nkhunda, maluwa a m'mbali,
ndatchajapo ngakhale kadontho.
Mtengo wa malo opanda kanthu sindiudziwa.

Ndinayeza zala zinayi kuchokera pamwamba,
ndinapukuta ndi nsanza yonyowa mpaka panawala,
n'kuyambira m'munsi mwake.

Atapita ndinatulukira kumsewu
kukayang'ana chikwangwani changa chomwe:
MACHESI NDI ANA AKE, OSEMA MIYALA.
Zilembo zisanu ndi ziwiri, ndinazilemba ndekha, zaulere.
Bambo anga akadali moyo ku Nathenje,
khutu limodzi linagontha, lina likumva.
Loweruka nditseka msanga,
ndinyamule shuga, buledi, ndi pensulo.